Mbiri ya Ngalawa ya Mpweya ndi Cigamba Cace

Mzinda wa Lusaka ulibe mtsinje. Pamene boma linasamutsa likulu la dziko kucoka ku Livingstone m'caka ca 1935, linasiya Zambezi ndi mathithi ace nilidzamanga pamtunda pouma. Cotero munthu wa ku Chelstone akafuna kuona madzi oyenda ayenera kukwera basi, kutsata mseu waukulu wa Great East Road kufikira pa Chongwe, kapena kulowera kum'mwera kufikira pa Kafue. Munthu wotere angathe kufunsa kuti nkhani ya ngalawa imkhudza bwanji. Koma m'mbali mwa mseu womwewo, ndi m'misika ya Chelstone ndi Kabwata, mumakhala amisiri omata macubu a njinga ndi a galimoto, ali ndi beseni la madzi, pampu, lumo ndi kacitini ka solushoni. Nchito yao ndi nchito ya omata ngalawa zopopa ku Zambezi ndi ana a bere limodzi, ndipo kholo lao linabadwa zaka 200 zapitazo m'dziko la Scotland.

Makolo a kuno anali ndi mabwato osema pa mtengo, ndipo bwato likang'aluka ankatseka mng'aluwo ndi nsanza, phula kapena utomoni. Bwato lotere liri ndi bvuto limodzi lalikulu: silinyamulika. Wapaulendo akapeza mtsinje wodzala, anayenera kupembedza mwini dooko ndi kulipira cimene mwiniyo wanena, kapena kukhala pagombe kufikira madzi ataphwa. Kufunafuna ngalawa imene munthu mmodzi angaipinde ndi kuisenza pamutu ndiko kunabala nkhani yonseyi.

Mphira unacokera ku America, kumene eni dziko ankaceka khungwa la mitengo yina nasonkhanitsa utomoni wace woyera ngati mkaka. Azungu atauona anaukonda, koma sanadziwe couchita naco cenicheni, pakuti utomoniwo unkafika ku Ulaya utauma kale. Munthu wina wa ku Glasgow, dzina lace Charles Macintosh, ndiye anapeza njira. Iye ankagula zotsala za ku fakitale yowotcha malasha, ndipo m'zotsalamo munali mafuta ochedwa naphtha, amene amasungunula mphira nausandutsa phala. Macintosh anapaka phalalo pa nsalu, nasanjikapo nsalu yina, nazipsinja pamodzi. Mafutawo atauluka, mphira unatsala pakati utagwira nsalu zonse ziwiri, ndipo madzi sanathe kupyola. M'caka ca 1823 boma linampatsa kalata yotsimikiza kuti luso limenelo ndi lace. Guluu ali yense wa ngalawa, ngakhale solushoni wa mmisiri wa macubu, atsata nzeru yomweyo kufikira lero: mphira wosungunuka m'mafuta ouluka msanga.

Nsalu ya Macintosh inali ndi cirema. Dzuwa likatentha inkanata ndi kununkha, ndipo m'cisanu inkauma gwa ngati cikumba. Amene anaciritsa cirema cimeneci ndiye Charles Goodyear wa ku America, amene m'caka ca 1839 anapeza kuti mphira wosakaniza ndi sulufule, ukaphikidwa pamoto, ukhala wolimba m'dzuwa ndi m'cisanu momwe. Thomas Hancock wa ku England anafika pa nzeru yomweyo nailembetsa m'caka ca 1843. Omvera a ku Mufulira ndi ku Nkana aidziwa bwino sulufule, pakuti ndiyo iri mu utsi uja wochedwa senta, wotsokomoletsa ana ndi kuumitsa ndiwo m'madimba. Mankhwala omwewo ndiwo alimbitsa jombo zao ndi malamba onyamula miyala pansi pa mgodi. Goodyear mwini sanadyerere. Anamwalira m'caka ca 1860 ali ndi ngongole zambiri.

M'caka ca 1844 msilikali wa pamadzi wa ku Britain, Peter Halkett, anasoka cobvala codabwitsa ca nsalu ya Macintosh. Pamtunda cinali cofunda ca mvula, koma akacipopa cinkasanduka kangalawa ka munthu mmodzi. Ndodo yace inali nkhafi, ambulera nikhala thanga. Anakayesa pa mtsinje wa Thames niciyenda bwino. Akulu a nkhondo ya pamadzi sanacisamale, koma oyenda m'maiko acilendo anaona phindu lace, ndipo John Rae anayenda ndi ngalawa ya Halkett m'mitsinje yozizira ya kumpoto kwa Canada.

Sipanapite zaka khumi, ngalawa ya mtundu umenewu inafika m'cigwa ca Zambezi. M'caka ca 1853 David Livingstone, ali pa ulendo wa kwa Sekeletu mfumu ya Amakololo, anapeza dziko lonse la m'mbali mwa mtsinje wa Chobe litamira, ngolo zace zosatha kupitirira. Anali ndi kangalawa kopopa kamene anampatsa alenje awiri Acingerezi, Codrington ndi Webb. Iye ndi mnzace mmodzi anakasenza masiku angapo m'mabango oceka manja ndi zobvala, kufikira anapeza madzi oyenda, nakaponya pamadzi, napalasa pakati pa mvuu kufikira dzuwa litapendeka. Anatulukira pa mudzi wa Amakololo, eni mudzi nazizwa kwambiri, pakuti ankakhulupirira kuti palibe munthu angaoloke Chobe iwo osadziwa. M'mwezi wa May caka comweco Livingstone analowa m'mudzi waukulu wa Linyanti.

M'mwezi wa November anauyamba ulendo wa ku Luanda ndi anthu 27, ndipo kangalawa kaja anakatenga. Atafika m'dziko la Alunda anakasungitsa pa mudzi wina kuti adzakatenge pobwera. Anafika ku Luanda pa 31 May 1854, nafikanso pa mudziwo caka cotsatira. Eni mudzi anali okhulupirika. Kangalawa anakasunga bwino, osakagulitsa, osakadula. Koma khoswe anali atakaboola, ndipo Livingstone analemba m'buku lace kuti kanalibenso nchito. Ngalawa imene inapirira mabango a Chobe ndi mvuu zace inatha ndi mano a kanyama ka m'denga, cifukwa ca kabowo kamene mmisiri wa lero angakatseke ndi cigamba cocepa ngati cikhato.

Kusowa kwace kunaoneka posacedwa. Mu January 1856, ataona kale mathithi a Mosi-oa-Tunya, Livingstone anafika pa mathiriro a Luangwa, pafupi ndi mabwinja a Zumbo, ali ndi anthu oposa 100. Eni dziko, amene anali atazunzika ndi ogula akapolo, sanamkhulupirire. Anambwereka bwato limodzi lokha, amuna nasonkhana pagombe ali ndi zida, atacotsa akazi ndi ana. Katundu, ng'ombe ndi anthu anaoloka pang'ono pang'ono, Livingstone natsala pambuyo ali kusangalatsa eni zidawo powaonetsa wochi yace ndi galasi loyatsira moto ndi dzuwa. Mwazi sunakhetsedwe tsiku limenelo, koma moyo wa anthu onsewo unali m'manja mwa mwini bwato. Mtsinje womwewo ndiwo auoloka pa mlatho lero anthu okwera basi pa Chelstone kupita ku Petauke, Katete ndi Chipata, ambiri ali m'tulo.

Dziko lino linali ndi mphira wace. M'nkhalango muli mtengo woyanga umene zipatso zace ndi mabungo, ndipo anyamata a kale ankaumba mpira wosewera ndi utomoni wace. Akatswiri a zomera auchula Landolphia kirkii, kukumbukira John Kirk, dotolo amene anayenda ndi Livingstone pa Zambezi ndi Shire kuyambira 1858 kufikira 1863. M'caka ca 1888 John Boyd Dunlop wa ku Belfast anapangira mwana wace tayala lopopa la njinga. Njinga zinaculuka, galimoto nizitsata, ndipo maiko a Azungu anamva njala ya mphira. Njala imeneyo inagwera anthu a ku Congo, dziko limene Leopold II, mfumu ya Belgium, analisunga ngati munda wace kuyambira 1885 kufikira 1908. Midzi inalamulidwa kupereka muyeso wa mphira; akalephera, akazi ankagwidwa cikole, midzi inkatenthedwa, anthu nadulidwa manja. Mbiri ya tayala ndi ngalawa yopopa siingakambidwe moona popanda kuchula anthu amenewo.

Mphira wa m'chire unagwa mtengo pamene minda inayamba kubala. Henry Wickham anatenga mbeu pafupifupi 70,000 ku Brazil m'caka ca 1876 napita nazo ku London, ndipo mbande zace zinakabzalidwa ku Ceylon ndi ku Malaya. Ku Nyasaland a Mandala anabzala mitengo yomweyo pa Vizara, pafupi ndi Nkhata Bay. Koma m'caka ca 1942 Ajapani analanda Malaya ndi Singapore, ndipo boma la Britain linakumbukira mabungo. Anthu a m'midzi ya Northern Rhodesia anauzidwa kulowanso m'nkhalango kukafuna utomoni wa nkhondo, monga abale ao anali kukumba kopa wa nkhondo ku migodi.

Nkhondo yomweyo ndiyo inakuza ngalawa yopopa. Ndege zoluka pamwamba pa nyanja ya mcere zinkanyamula tingalawa topinda, ndipo anyamata ambiri amene ndege zao zinagwera m'madzi anapulumukira m'menemo. Mphira wopanga ndi mankhwala unayambanso kulowa m'malo mwa wa mtengo. Kampani ya DuPont inapeza neoprene m'caka ca 1930, ndipo nkhondo itatha inatulutsa mtundu wina wochedwa Hypalon, wosaopa dzuwa, mcere ndi mafuta. M'caka ca 1952 dotolo wa ku France, Alain Bombard, anafuna kutsimikiza kuti munthu wosweka combo angathe kukhala moyo pa nyanja. Analowa yekha m'ngalawa yopopa yosafika mamita asanu, nacoka ku zisumbu za Canary, nafika ku Barbados pa 23 December atatha masiku 65 pamadzi. Anafika ataonda kwambiri, koma ngalawa yace inali iri ciyandamire.

Pa Zambezi ngalawa zotere zinachuka m'mwezi wa October 1981. Gulu la ku America lochedwa Sobek, lotsogozedwa ndi Richard Bangs, linabwera kudzayesa cinthu cimene palibe anali atacicita: kutsika m'cigwembe ca Batoka, kuyambira pansi pa mathithi kulowera ku nyanja ya Kariba. President Kenneth Kaunda anabwera kudzaona kunyamuka kwao, ndipo ngalawa imodzi inagubuduka pa mkokomo woyamba weniweni, iye ali kupenya. Popeza nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inali itangotha, asilikali ankayamba afufuza mabomba okwirira mu mcenga alendowo asanagone pagombe. Kunsi kwa cigwembe ng'ona inaluma ngalawa yina niiboola, wopalasa naimenya ndi nkhafi. Ngalawa zotere zimagawidwa m'zipinda zingapo za mpweya, kuti cimodzi cikaphwa zinazo zisunge anthu. Ulendo umenewo unatsegula nchito yatsopano ku Livingstone, kumene anyamata ambiri a m'midzi yozungulira akhala opalasa, osenza ngalawa m'phompho, ndi omata zigamba, pakuti miyala yakuda ya Batoka ndi yakuthwa ndiponso imatentha ngati ciwaya.

Tsono luso la kumata liri motere. Coyamba mmisiri ayenera kudziwa mtundu wa nsalu yace, pakuti ngalawa za masiku ano ziri za mitundu iwiri yaikulu. Pakati pa zonse pali ulusi wolimba wa nailoni kapena poliyesita, koma copakidwa pamwamba ndico cisiyana. Zina ndi za Hypalon, dzina limene anthu akali kulichula ngakhale DuPont inaleka kupanga mphira umenewo m'caka ca 2010 nisiyira makampani ena. Zina ndi za pulasitiki wochedwa PVC, wochipa ndi wopepuka, koma wofooka msanga padzuwa. Hypalon siwala kwambiri, ndipo ukaukhula ndi sandipepa utulutsa pfumbi. PVC ndi wonyezimira, mtundu wace ndi umodzi kunja ndi m'kati, ndipo ukaudonthezera mankhwala osungunula uyamba kunata. Nsalu iri yonse iri ndi guluu wace. Guluu wa Hypalon sagwira bwino pa PVC, ndipo solushoni wa cubu ca njinga sathandiza pa nsalu zonse ziwiri. Cigamba comata ndi guluu wolakwika cioneka bwino pamtunda. Ndico cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Bowo alipeza monga acitira a macubu, koma popeza ngalawa siilowa m'beseni, aipopa naipaka madzi a sopo, nayang'ana pamene patuluka thobvu. Akalemba malowo aphwetsa mpweya wonse naumitsa nsalu. Cigamba acidula ku nsalu ya mtundu womwewo, copitirira bowo masentimita asanu mbali zonse, ndipo ngondya zace azizunguliza, pakuti ngondya yosongoka ndiyo iyamba kusendeka. Hypalon aukhula ndi sandipepa kufikira utacita mbuu, osafika pa ulusi. Kenaka apukuta mbali zonse ziwiri ndi mankhwala ocotsa mafuta, toluene pa Hypalon, ndi ochedwa MEK pa PVC. Kucokera pamenepo cala sicikhudzanso malowo, cifukwa thukuta la m'manja liri ndi mafuta okwanira kuononga nchito yonse.

Guluu wolimba abwera m'zitini ziwiri, cacikulu ca guluu ndi kabotolo ka mankhwala oumitsa, ndipo akasakaniza ayenera kumgwiritsa nchito m'maora ocepa. Ampaka mopyapyala pa cigamba ndi pa ngalawa pomwe, nadikira kuti aume. Apakanso kaciwiri, nadikira kufikira guluuyo anata pang'ono pokhudza ndi kumbuyo kwa cala koma osatsalira pakhungu. Apo ndipo asanjika cigamba, kuyambira mbali imodzi, mosamala kwambiri, pakuti mbali ziwirizo zikakhudzana sizisunthikanso. Atero apsinja kolimba ndi kagudumu kapena kumbuyo kwa supuni, kucokera pakati kupita m'mphepete, kuti mpweya usatsalire m'kati. Pong'ambika papakulu amata zigamba ziwiri, cina m'kati coyamba, cina kunja pambuyo. A ku migodi amene anaonapo kulumikiza kwa lamba woduka popanda moto adzazindikira kuti nchitoyi ndi yomweyo.

Mdani wamkulu wa guluu ndi cinyontho. Mafuta a m'guluu akamauluka aziziritsa nsalu, ndipo mpweya ukakhala wonyowa, mame osaoneka ndi maso agwa pa guluuyo, iye nayera ngati ufa nataya mphamvu. Cifukwa cace nchito yotere siyenera kucitika pagombe m'mamawa, kapena m'miyezi ya dzinja mvula iri pafupi. Dzuwa la October nalonso ndi loipa, pakuti liumitsa guluu mmisiri asanakonzeke. Nyengo yokoma m'dziko lino ndi ya masiku ouma a pakati pa May ndi August, masana, pamthunzi, pamalo popita mphepo. Mphepoyo ndi yofunika pa moyo wa mmisiri mwini, cifukwa pfungo la mankhwalawa liledzeretsa ndi kuononga cifuwa, ndipo mbaula kapena ndudu yoyaka pafupi ingathe kuyatsa nyumba yonse.

Cotsiriza ndi kudikira, ndipo apa ndi pamene ambiri agwa. Cubu ca njinga acipopa pomwepo mwini nakwera, koma cigamba ca ngalawa cifuna tsiku lathunthu cisanalandire mpweya, ndipo masiku awiri ndiwo abwino. Guluuyo apitiriza kukhwima kufikira sabata. Mpweya wa m'ngalawa ndi wofatsa, wosafika ngakhale limodzi la magawo asanu a mphamvu ya mpweya wa m'tayala la galimoto, koma ngalawa ikakhala padzuwa mpweyawo ufufuma nukankha zigamba ndi misoko yonse. Cigamba cosakhwima cisendeka nthawi yomweyo, kawirikawiri ngalawa iri pakati pa madzi. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Nkhaniyi si ya alendo osewera pa Batoka okha ai. M'mwezi wa March 2019 cimphepo ca Idai cinagwa pa Beira, mtsinje wa Buzi nusefukira, anthu nakhala masiku pa madenga ndi m'mitengo. Ambiri anatsitsidwa m'menemo ndi ngalawa zopopa, zimene zinafika msanga cifukwa zimapindika ndi kukwera ndege kapena lole. M'mwezi wa March 2023 cimphepo ca Freddy cinakantha Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ngakhale Lusaka wopanda mtsinjeyo anaona madzi atalowa m'nyumba za ku Kanyama m'caka ca 1978, ndipo makomboni a m'malo otsika amamirabe mvula ikakula. Pa tsiku lotere palibe nthawi ya kukhula nsalu ndi kudikira guluu masiku awiri, ndiponso mpweya wa tsikulo ndi wonyowa wosalola guluu kugwira. Ngalawa yopulumutsa anthu mu February ndi March imakonzedwa mu June ndi July: kuitulutsa m'nyumba yosungira, kuipopa, kuipaka sopo, kumata pofunika, kuiumitsa, ndi kuiika pamwamba pamene makoswe safika, pakuti adzukulu a khoswe wa kwa Alunda uja akali ndi mano omwewo.